Mamita okankha anthu atakugwira kale: kodi amapindulitsa chani mu rugby league?

Bambo wina amene amakhala ku Leeds, ku England, wafunsa motere: "Mwana wanga wa zaka 15 amasewera rugby league ngati propu mu timu ya m'dera lathu. Kochi wamuuza kuti mpira amathamanga nawo bwino koma akangogundana ndi munthu amagwa pompo, akuti ma post-contact metres ake ndi ochepa. Ine ndinakula ndi mpira wamiyendo, rugby imene ndimaidziwako ndi ya ma Springboks pa TV basi. Kodi mamita amenewa ndi chani, ndipo mita imodzi kaya awiri angasinthedi gemu? Kapena angondivulazira mwana?"

Achimwene, kochiyo sakunama ayi, koma wakuuzani theka la nkhani. Mamita amenewo ndi ofunikadi, ine ndakhala ndikuphunzitsa anyamata a msinkhu umenewu kuno kumpoto kwa England kwa zaka ndithu ndipo ndimawawerenga gemu iliyonse, koma chimene amagula kwenikweni si malo a pabwalo okha, amagula nthawi. Mnyamata akamvetsa zimenezi amasewera mwanzeru ndipo savulala chisawawa, akapanda kumvetsa amangosanduka nkhosa yogunda chilichonse chili kutsogolo.

Tisiyanitse kaye poti mwatchula ma Springboks. Iwo aja amasewera rugby union, anthu 15 mbali iliyonse, ndipo munthu akagwetsedwa mpira amalimbirana pansi pomwepo, angathe kukulanda. League ndi ina, anthu ndi 13. Inapatukana ndi union mu 1895 pa msonkhano wa ku George Hotel ku Huddersfield, kufupi ndi kwanu komweko, nkhani yake inali yoti anyamata a m'migodi ndi m'mafakitale ankataya malipiro akajomba kuntchito Loweruka kuti akasewere, nde makalabu akumpoto ankafuna kumawabwezerako kangachepe koma akuluakulu a union anakana. Mu league timu imapatsidwa matakulo 6, kutanthauza kugwiridwa kaya kugwetsedwa ka 6 isanapereke mpira kwa anzawo, imeneyo ndiye seti. Wonyamula mpira akagwetsedwa palibe zolimbirana, omugwetsa amusiye, iye adzuke, auike mpira pansi n'kuukankhira kumbuyo ndi phazi, mnzake amene waima kumbuyo kwake autole. Kudzuka n'kupereka mpira kumeneko ndiye amati play-the-ball, wotolayo ndi dummy half. Tsono izi zikuchitika, timu yotchinga yonse imayenera kubwerera m'mbuyo mamita 10 pamene waima refa, kupatula anthu awiri okha amene amaloledwa kuima pamaso pa wodzukayo, ma marker. Chimenechi muchigwire bwino chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa, takulo iliyonse anthu abwerere mamita 10, afole, abwerenso kutsogolo kudzagunda, abwererenso, choncho choncho mpaka mphindi 80.

Nde mwana wanu akalandira mpira n'kuthamanga, mamita ake amagawika pawiri. Oyamba ndi aja amathamanga asanakhudzidwe ndi aliyense. Amenewo kunena zoona ambiri ndi aulere, lamupatsa ndi lamulo la mamita 10 lija, aliyense angawapeze bola athamange molunjika. Achiwiri amayambira pamene difenda woyamba wamugunda kufikira pamene refa wakuwa kuti held, kutanthauza kuti takulo yatha. Amenewa ndiye ma post-contact metres, ine ndimangoti mamita okankha, chifukwa palibe amakupatsa, umachita kulanda anthu awiri kaya atatu atakukolekera m'chiuno ndi m'mapewa. Madala a ku Yorkshire mudzawamva akunena za ma yards, musasokonezeke, yadi imangochepa pang'ono pa mita, ndi 0.91, koma mizere ya pabwalo ndi ziwerengero zonse masiku ano zili m'mamita. Mu NRL ya ku Australia, ligi yolimba kuposa ina iliyonse pa masewerawa, propu wabwino, mmodzi wa anyamata akuluakulu onyamula mpira pakati pa bwalo, akathamanga mamita 150 pa gemu nthawi zambiri mupeza kuti 50 kaya 60 mwa amenewo ndi okankha.

Mwafunsa ngati mita imodzi ingasinthe gemu, tiyeni tiwerengere limodzi. Bwalo ndi mamita 100 kuchoka pa mzere wa thirayi, pamene munthu amagunditsa mpira pansi kuti apeze mapointi, kufika pa unzake. Pa seti nthawi zambiri amathamanga nawo kasanu kenako amaumenya kutali ndi phazi. Tiyerekeze kuti aliyense mwa asanuwo wawonjezera mita imodzi yokha pokankha, ndi mamita 5 pa seti. Tiyerekezenso kuti timu yakhala ndi maseti 40, ndiye kuti mamita 200, mabwalo awiri athunthu, popanda olo pasi imodzi yodabwitsa. Paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ndipo mamita owonjezera amenewo amasintha malo amene womenya mpira aimapo pa takulo yomaliza. Akamenya ali pa 35 ya kwawo, fulubaki wa anzawo, uja amaima kumbuyo kwa onse, amaulandira ali ndi malo othamangira, seti yawo n'kuyambira pa 30 ali phee. Akamenya ali chapakati, mpira umakagwera pakona kufupi ndi mzere wawo, othamangitsa afika kale, iwo ayambe seti ali pa 10 atapanikizika ngati mbewa yotsekeredwa kuuna. Zikachitika kangapo motsatizana gemu yonse imasamukira mbali imodzi ya bwalo, timu ina ikungotchinga pakhomo pawo, kutopa n'kumakula.

Komabe masamu amenewa ndi mbali yaing'ono. Taonani takulo imodzi yokha mutaima chapafupi, pamphepete pa bwalo pamene mumamva mpaka kupuma kwa anyamata. Propu wabwera, wagundana ndi madifenda awiri, phuu, koma miyendo yake sinaime, akupondabe timasitepe tating'ono tachangu, awiri aja akubwerera chambuyo mabuti akutereka m'matope. Wachitatu waona kuti anzake akutengedwa, wachoka pamzere kudzagwira kumiyendo. Propu wagwa chafufumimba, mawondo ndi zigongono pansi, mutu waloza komwe akupita, madifenda ena ali pansi pake ena kumbali. Wadzuka msanga, mpira watuluka. Tsono werengani anthu. Atatu anali mu takulo, awiri akhala ma marker koma sanaime bwino, wachitatu akuthamangirabe kumzere nkhope ili kwina. Ena onse aja amayenera kubwerera osati mamita 10 okha koma 10 kuphatikiza atatu amene anzawo akankhidwa, nde pamene mpira ukutuluka iwo akadali m'njira, zidendene zikupitabe m'mbuyo. Munthu amene akubwerera chambuyo sangagunde mwamphamvu, zimenezo olo inu mukayese pakhomo. Wotsatira kunyamula mpira amawapeza ali choncho, iyenso akankha, mpira utulukanso msanga, wachitatu chimodzimodzi, pofika takulo yachinayi mzere wa difensi uli ngati mpanda wodyedwa ndi chiswe, dummy half wangodutsa pakati, kaya hafubaki, wokonza masewero a timu, wapeza kuti kumphepete anzake ndi atatu otchinga ndi awiri. Pa TV adzabwereza thirayi ya winga kakhumi, koma nsima ija anaiphika ndi propu matakulo atatu apitawo, winga wangotema.

Ndiye tembenuzani chithunzicho. Propu yemweyo wabwera ataimirira tsonga, amugunda, waima nji, amunyamula pang'ono n'kumugoneka chagada ngati kamba wotembenuzidwa, wina wamugonera pachifuwa. Refa akaona kuti otchinga apambana chotero amakuwa kuti dominant ndipo amawapatsa kanthawi kowonjezera asanachoke. Kuti adzuke ayambe watembenuka kaye, apeze miyendo, ayang'ane kutsogolo. Mu ligi zazikulu play-the-ball imatenga masekondi 3 kufika 4, ndipo kusiyana kwa yachangu ndi yochedwa kumakhala sekondi imodzi yokha, koma pa sekondi imodziyo munthu wothamanga amatha mamita angapo, mzere wonse wafola kale, apumako, akubwera pamodzi ngati khoma. Wotsatira kunyamula mpira amakumana ndi zowawa zosayamba iye.

Poti muli ku Leeds mwamva za malemu Rob Burrow, wosewera wa Leeds Rhinos, amene anamwalira mu 2024. Anali wamfupi kwambiri, masentimita 165, ndipo thirayi yake ya mu fainolo ya Super League, ligi yaikulu ya kuno, ya 2011 ku Old Trafford, ija anazemba pansi pa mikono ya anyamata a St Helens n'kuthamanga pafupifupi theka la bwalo, anthu amaikambabe mpaka lero, Leeds inapambana 32 kwa 16. Munthu wamsinkhu umenewo sakankha aliyense. Koma kutsogolo kwake kunali a Jamie Peacock ndi a Kylie Leuluai, mapropu amene ntchito yawo inali kutopetsa ndi kubweza anthu akuluakulu a pakati, iye n'kumabwera kudzawapeza miyendo italema. Mamita okankha a munthu mmodzi amadyedwa ndi mnzake.

Amene anachititsa kuti chiwerengero chimenechi chizikambidwa paliponse ndi Jason Taumalolo wa North Queensland Cowboys, wobadwira ku Auckland kwa makolo a ku Tonga. Mu 2016 anapata mendulo ya Dally M, ya wosewera bwino kuposa onse mu NRL, anagawana ndi Cooper Cronk, ndipo zinali zachilendo chifukwa mendulo imeneyo kawirikawiri imapita kwa ma hafubaki, mafulubaki ndi ma hooker, aja amakhala dummy half, osati kwa anthu onyamula katundu pakati. Chaka chotsatira anasaina kontirakiti ya zaka 10. Mu 2017 momwemo Cowboys inataya katswiri wawo Johnathan Thurston chifukwa cha phewa komanso propu wawo wamkulu Matt Scott chifukwa cha bondo, inalowa mu mafainolo ili pa nambala 8, koma inafika mpaka fainolo yeniyeni, Taumalolo akuthamanga mamita opitirira 200 m'magemu ambiri. Anakagonja kwa Melbourne 34 kwa 6, koma kufika kokha kumeneko kunaonetsa chimene munthu mmodzi wokankha angachite. Kumapeto kwa chaka chomwecho anasankha kusewerera Tonga m'malo mwa New Zealand pa World Cup, ndipo Tonga inagonjetsa New Zealand 28 kwa 22 ku Hamilton. Tsono anthu ambiri amangoti ndi chimphona, makilo opitirira 110, basi. Ayi, zimphona zilipo zambiri mu NRL. Mukamuonera pa vidiyo pang'onopang'ono muona kuti atatsala sitepe imodzi kaya awiri kuti agundane, amaponda mwendo umodzi n'kusuntha pang'ono chammbali, mwina theka la mita, difenda amene anakonza phewa amapezeka wagunda ndi mkono chabe. Mkono sungaimitse munthu wolemera choncho. Mamita ake okankha amayamba asanagundane n'komwe, ndipo chimenechi ndi chimene ndikufuna mwana wanu amve.

Penrith Panthers, amene anatenga chikho cha NRL zaka zinayi zotsatizana kuyambira 2021 mpaka 2024, anaonetsa mbali ina. Iwo matakulo oyamba a seti, mpira ukangomenyedwa kwawo, amanyamula ndi mawinga ndi fulubaki, makamaka Brian To'o ndi Dylan Edwards, pamene mapropu akubwerera pang'onopang'ono akupuma. To'o si wamtali poyerekeza ndi mawinga anzake koma ntchafu zake ndi ngati mitondo, amalowa chowerama pakati pa anthu akuluakulu, miyendo osaima, agwa chafufumimba adzuka msanga. Kunyamula kumeneko pa takulo yoyamba ndi yachiwiri, uli kwanu pa 10, difensi ili yatsopano ikubwera yolusa, ndiye kowawa kuposa konse, ndipo kukayenda bwino seti yonse imayenda, hafubaki wawo Nathan Cleary amakamenya mpira ali pamalo abwino, anzawo ayambirenso pakona. Kuyambira 2016 mu NRL timu imaloledwa kusintha osewera ka 8 kokha pa gemu, nde mphamvu za mapropu ndi zosunga ngati ufa wa mu Febuluwale, winga akawanyamulirako katundu ndiye kuti pa mphindi 70 akadali ndi miyendo.

Matimu otchinga nawonso sanagone. Zaka za m'ma 2000 makalabu anayamba kulemba makochi a masewera ogwetsana kuti aziphunzitsa anyamata kagwiridwe, Melbourne Storm ya Craig Bellamy, amene wakhala kochi kumeneko kuyambira 2003, ndiyo inatchuka nazo kwambiri koma ena onse anatsatira. Cholinga sichinali kugwetsa msanga ayi, chinali kumugwira munthu ali chiimire, awiri kumtunda atseke mpira, amuvinitse kaye pamenepo, wachitatu abwere kumiyendo, kenako amugoneke chagada pang'onopang'ono. Njira zina zinafika poipa, zokanyanga khosi, zopotokola mkono kumbuyo, zopinda mutu kulowetsa pachifuwa, mpaka akuluakulu anaziletsa ndi kumapereka zilango. Mu 2020 NRL inabweretsa lamulo la six again, loti otchinga akachedwetsa dala wodzuka, refa sayimitsa gemu, amangoyambitsanso matakulo 6 pomwepo, ndipo Super League inalitenganso chaka chomwecho. Kuyambira pamenepo munthu wokankha n'kudzuka msanga mtengo wake unakwera, chifukwa madifenda amakhala ndi zosankha ziwiri zokha, amusiye adzuke mzere usanafole, kapena amugwirebe apereke matakulo ena 6 ali otopa kale.

Apa mpamene chiwerengerochi chimanamiza anthu, ndipo makochi ena a ana sachiona. Ogwira aja akakugwira uli chiimire amalola dala kuti uziyenda nawo, iwe n'kumaona ngati ukukankha, wapeza mamita 4, pepala la ziwerengero likukuyamikira, koma zatenga masekondi 6 kaya 7, anzawo onse afola kalekale akukudikira, ndipo pomaliza akugoneka chagada. Mnzako wina wapeza mamita 2 okha koma wagwa chafufumimba wadzuka ngati wapsa ndi moto. Pa awiriwa ine nditenga wachiwiriyo tsiku lililonse. Chinanso, chiwerengero chonse pachokha sichinena kanthu mukapanda kuona kuti wanyamula kangati, mamita 60 okankha pa maulendo 20 ndi 3 pa ulendo, pamene mamita 45 pa maulendo 10 ndi 4.5, wachiwiriyu ndiye akuvutitsa. Muonenso kuti wawapeza nthawi yanji, mamita a pa mphindi 75 mukutsogola ndi mapointi 30, anzanu atataya kale mtima, sangafanane ndi a mphindi 10 zoyamba. Ndiye pali anthu ngati Isaah Yeo wa Penrith yemweyo, amene nthawi zambiri amafika pamphuno pa madifenda n'kupereka pasi asanagundidwe, kaya aja amathamanga opanda mpira kuti akoke anthu, ntchito imeneyo pepala la mamita okankha siliiona koma timu singayende popanda iwo. Ndipo mpira ukagwa m'manja pofuna mita yowonjezera, zonse zija zafufutika, wapereka seti yathunthu kwa adani.

Zimenezi ndinaziphunzira mowawa. Chaka china ndinali ndi timu ya anyamata osapitirira zaka 16, ndipo ndinkalemba mamita okankha a aliyense pa bolodi m'chipinda chosinthira zovala, wapamwamba ndinkamutchula dzina pamaso pa anzake. Panali mnyamata wina wamphamvu zedi, wofatsa, womvera, chilichonse ndanena amachita. Gemu ya chikho, mvula ikuwaza, tikutsogola ndi mapointi 2, kwatsala mphindi ngati zitatu, mpira ndi wathu kwathu pa 30, takulo yachiwiri. Analandira chakumphepete, anamugwira awiri, iye osafuna kugwa, akukankhabe ali chiimire, ndikumuona nkhope ili gwaa akufuna mita ina. Anabwera wachitatu, wachinayi, anangomutembenuza onse pamodzi n'kumukankhira kunja kwa mzere. Mpira unapita kwa anzathu pomwepo, matakulo atatu thirayi, tatuluka mu chikho. Mwana uja analira m'galimoto njira yonse, ndipo mlandu sunali wake, anachita ndendende zimene bolodi langa linkamuphunzitsa. Sabata yotsatira ndinafufuta bolodi lija ndipo mpaka lero ndikamalemba mamita okankha ndimalemba pambali pake kuti wagwa bwanji ndipo wadzuka pa masekondi angati.

Tsono za mwana wanu. Mawu oti amagwa pompo angatanthauze zinthu zosiyana, nde musathamangire kumuuza kuti limba mtima. Anyamata ambiri a zaka 15 amachepetsa liwiro atatsala pang'ono kugundana, thupi limangochita lokha chifukwa cha mantha, ena mpaka amatsinzina, ndipo zimenezi si zamanyazi, zimatha ndi kuzolowera pa thireningi, kuyamba ndi kugunda mapilo aja pang'onopang'ono. Ena amathamanga ataimirira tsonga chifuwa chili poyera, difenda amangolowa pansi n'kumunyamula. Ena amalunjika pachifuwa pa munthu m'malo molunjika pampata wa pakati pa anthu awiri, pamene pali mikono yokha. Ndipo ena amadziponya okha pamiyendo ya madifenda kuti zithe msanga, zimenezo refa amakuwa kuti surrender ndipo amalola otchinga kumugonera nthawi yotalikirapo, phindu palibe. Koma zingathekenso kuti mwana wanu amagwa msanga chafufumimba n'kudzuka changu, ndiye kuti ali kale ndi theka lovutalo, changotsala n'kuwonjezera masitepe atatu asanagwe.

Ine powaphunzitsa kukankha ndimawauza za minibasi yotitimira m'matope nthawi ya dzinja kumudzi, anyamata akuno amaseka poti sanaionepo koma inu mukuidziwa. Palibe amakankha minibasi ataimirira, palibenso amaponya masitepe ataliatali. Umawerama, msana wowongoka, chiuno pansi, phewa latsamira, mutu uli kumbali maso ali kutsogolo, kenako timasitepe tifupitifupi tachangu, zala za kumapazi zikukumba pansi. Ndi momwemo. Liwiro aliwonjezere pa masitepe atatu omaliza osati kulichepetsa, asunthe pang'ono chammbali mochedwa ngati Taumalolo uja, mpira aufumbate pachifuwa ndi mkono wonse, chigongono chitatseka, chifukwa difenda akakhala mmodzi malamulo amamulola kuutsomphola. Akagundana awerenge mumtima masitepe atatu kaya anayi. Akamva kuti miyendo yaima, kaya waona wachitatu akubwera, kaya ali kufupi ndi mzere wa kumphepete, nkhondo yatha, adzigwetse yekha chafufumimba iwo asanamutembenuze, bondo limodzi likhale kale pansi pa mimba kuti podzuka angoti nyamu. Kudziwa nthawi yosiya kukankha n'kovuta kuphunzitsa kuposa kukankhako, ndipo mpomwe timathera nthawi yambiri.

Za kuvulala mwafunsa bwino ndipo sindikunamizani, masewerawa ndi ogundana, mabala ndi zotupa sizilephera. Koma kukankha koyenera sikuchitika ndi mutu, mphamvu zimachokera m'chiuno ndi m'ntchafu. Mwana amene amalowa mutu uli pansi maso ali kudothi ndiye amene ndimamuopera khosi, ameneyo ndimamutulutsa pa thireningi mpaka asinthe. Asatsogozenso chigongono kumaso kwa mnzake, imeneyo ndi penate ndipo angavulaze mwana wa eni. Kuyambira 2024 bungwe la RFL, loyendetsa league kuno ku England, linatsitsa malo ogwira pa masewera a m'madera ndi a ana, takulo iyenera kukhala kuyambira m'khwapa kutsika, pofuna kuchepetsa kugundana mitu. Zimenezi zikuthandizanso mnyamata ngati wanu, chifukwa akamugwira chakumunsi manja amatsala omasuka, angathe kupereka mpira kwa mnzake ali m'kati mwa takulo, komanso n'kosavuta kugwa chafufumimba. Akagunda mutu n'kuoneka wozunguzika, kaya akudandaula mutu, kaya akusanza, atuluke nthawi yomweyo ndipo asabwerere mpaka ataonedwa ndi achipatala ndi kutha masiku opumula amene malamulo amanena, olo kochi atachonderera bwanji, olo ikhale fainolo, pamenepo inu ngati bambo mawu anu ndi omaliza. Ndipo pa zaka 15 musamugulire maufa aja onenepetsa minofu, adye bwino, agone mokwanira, ku jimu aphunzire kaye kunjuta moyenera ndi zitsulo zopepuka pali munthu womuyang'anira, kuthamanga chitunda ndi kukankha tayala pa udzu n'zokwanira.

Gemu ikubwerayi mukaime chapakati pamphepete pa bwalo ndi foni, mujambule maulendo ake onse onyamula mpira, osatsatira mpira ukachoka kwa iye, kamera ikhale pa iye mpaka wadzuka. Madzulo mukhale naye pansi muonere limodzi pang'onopang'ono, inu musayankhule zambiri, mumufunse iye kuti akuona chani. Pa ulendo uliwonse muone pamene anamukhudza koyamba ndi pamene anadzukira, mizere ya pabwalo ikuthandizani kuyeza, muone ngati masitepe ake omaliza anali ofulumira kapena anabweza, muone ngati anagwa chafufumimba kaya chagada, ndiye muwerenge masekondi kuchoka pamene wafika pansi kufika pamene mpira watuluka kuphazi. Mukatero mupite nayo vidiyoyo kwa kochi Lachiwiri pa thireningi mumufunse kuti mwa zimenezi akufuna mwana ayambe wakonza chiti, ndipo agwire chimodzi chokhacho kwa mwezi wathunthu asanapite ku chinzake.